ADALEMBA MNDANDANDAWU NDANI?

Kalata ya Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere pa za kuchotsa anthu ntchito m'boma ndi m'makampani a boma





1.0 Chifukwa chimene tikulembera

1.1 Kuno ku Chinyonga, monganso ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, palibe mphakati umene ulibe banja loti mwini wake adagwirapo ntchito m'boma kapena m'kampani ya boma, tsiku lina nangopatsidwa kalata yoti ntchito yatha. Ena lero akupalasa kabaza, ena akugulitsa makala, ena adabwerera kumudzi kumene adachokako ali anyamata, ndipo ena tidawaika m'manda asadalandire ndalama zawo. Tonse tikuwadziwa, poti timakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi.

1.2 Sitikunena kuti ntchito siyenera kutha. Kampani ikhoza kugwa, ndipo boma likhoza kukhala ndi zifukwa zenizeni zochepetsera antchito. Mafunso athu ndi awiri okha. Loyamba: pamene ena ayenera kuchoka ndipo ena kutsala, amalemba mndandanda wa mainawo ndani, ndipo amatsata muyeso wotani? Lachiwiri: pamene kampaniyo yatsitsimuka niyambanso kulemba anthu, kodi amene adachotsedwa popanda mlandu aja ali ndi ufulu woitanidwa poyamba? Pa mafunso awiriwa dziko lathu lakhala chete kwa zaka pafupifupi 30, ndipo kukhala chete kumeneku ndi kusalungama.

2.0 Zimene zidachitika ku ADMARC

2.1 Likulu la ADMARC lili ku Limbe, mtunda woti munthu wa ku Chinyonga akhoza kuyenda wapansi. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kwa zaka zambiri msika wake ndiwo udali kothawira amphawi chimanga chikakwera mtengo. Mu 2022 nduna ya zamalimidwe ya nthawi imeneyo, a Lobin Lowe, idalengeza kuti ntchito za bungweli zayamba zaima ndipo antchito akadikire kunyumba. Mwa zifukwa zimene idapereka mudali katangale, kuba ndi kusalabadira ntchito. Kumayambiriro kwa 2023 antchito pafupifupi 4,000 adachotsedwa, ndipo pambuyo pake bungwe lomwelo lidayambanso kulemba anthu.

2.2 Taonani kusokonekera kwa chilungamo pamenepa. Ngati kudali akuba, akubawo adali ndi maina. Lamulo la Employment Act la 2000 likunena m'gawo 57 kuti munthu sangachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe lake asadapatsidwe mwayi wodziteteza. Njira yolungama idali yowatchula oganiziridwawo, kuwamva, ndi kuwapereka ku khoti. M'malo mwake onse adakokoledwa ndi tsache limodzi. Motero kalaliki wa pa sikelo amene sadabepo ngakhale mbale imodzi ya chimanga, mlonda amene adagona panja zaka 20 kulondera nkhokwe za dziko, onsewa adatuluka atasenza mbiri ya umbava popanda wowafunsa mbali yawo. Ndipo ngati padali wakuba weniweni, iyeyo adatuluka pa chipata chomwecho ngati munthu wongochotsedwa chabe. Kulanga onse n'chimodzimodzi kusalanga aliyense.

2.3 Antchito oposa 3,000 adakadandaula ku khoti loona milandu ya apantchito la Industrial Relations Court. Khotilo lidapeza kuti adachotsedwa mosatsata chilungamo, ndipo mu 2024 lidalamula kuti apatsidwe chipukuta misozi cha ndalama pafupifupi K25 biliyoni. Tifunse mosabisa mawu: ndalama zoterezi zimachokera m'thumba la yani? Sizichokera kwa nduna kapena kwa akuluakulu a bodi amene adalamula. Zimachokera ku msonkho wa mayi wogula sopo ndi mafuta ophikira mumsika wa Limbe. Olakwitsa ndi ena, olipira ndi ena. Boma lidati likupulumutsa chuma cha dziko, koma chifukwa chothamangira kuchita zinthu osakhala pansi ndi eni ake nkhani, lidadzipalira ngongole ina pamwamba pa ngongole.

3.0 Si koyamba

3.1 Wina asaganize kuti tikuloza chala chipani chimodzi. Chizolowezi chimenechi chadutsa m'maboma onse chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994. Lamulo logulitsa makampani a boma lidakhazikitsidwa mu 1996, mogwirizana ndi malangizo a World Bank ndi IMF. Njanji za Malawi Railways zidaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons idagulitsidwa mu 2003. Mabasi a Shire Bus Lines adatha. Air Malawi idathetsedwa, ndipo m'malo mwake mudabwera kampani ina ya ndege imene idayamba kuuluka mu 2014. Paliponse pamenepa padali maina a anthu otsala ndi maina a anthu opita.

3.2 Mzinda wa Blantyre ndiwo udamva kuwawa koposa, popeza ntchito zambiri zoterezi zidali kuno. Ndipo tisaiwale kuti antchito a David Whitehead ndiwo adayamba kunyanyala ntchito m'mwezi wa Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri Ambuye Aepiskopi athu atatulutsa kalata yawo ya nyengo ya Lenti, ndipo m'masiku amenewo anthu ambiri adaphedwa m'misewu ya mzinda uno. Apantchito adathandiza kubweretsa ufulu umene andale akudyerera lero. N'zomvetsa chisoni kuti ufuluwo utafika, oyamba kuonetsedwa msana wa njira adali iwo omwewo.

4.0 Mndandanda wolembedwa mumdima

4.1 Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 31, akupatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi mwachilungamo, kulandira malipiro oyenera, ndi kulowa bungwe la apantchito. Lamulo la Employment Act, limene limakhudzanso boma ndi makampani ake, likulola kuchotsa munthu pa chifukwa cha kayendetsedwe ka kampani. Koma lamuloli silifotokoza mwatchutchutchu za muyeso wosankhira amene achoke, ndipo silinena kanthu za kuwaitananso. Mpata umenewu ndiwo khomo limene tsankho limalowera.

4.2 Pamene muyeso sudalembedwe, muyeso amakhala mtima wa bwana. Ndipo mtima wa munthu timaudziwa. Amayamba kulembedwa ndi uja amafunsa mafunso pa misonkhano, uja adakana kusainira katundu amene sadamuone, mtsogoleri wa yuniyoni, mayi amene amapempha tchuthi kawirikawiri chifukwa chodwazika mwana, munthu amene akulandira mankhwala otalikitsa moyo, ndi uja akuganiziridwa kuti ngwa chipani chimene chidagonja kapena ngwa chigawo china. Lamulo limaletsa kuchotsa munthu pa zifukwa za tsankho zotere, koma adzazitsimikiza bwanji mmphawi ngati kalata yake ikungoti kampani ikukonzedwanso? Mawu akuti "kukonzanso" asanduka chinsalu chofundira zolakwa zambiri.

4.3 Sikuti tikupempha chinthu chachilendo. Malawi adavomereza mu 1986 pangano nambala 158 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO. Panganolo likuti wolemba ntchito amene akuganiza zochotsa anthu pa zifukwa za chuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito awauze oimira antchito nthawi ikadalipo: chifukwa chake, chiwerengero cha anthu, magulu awo, ndi nyengo imene izi zichitike. Likutinso akambirane nawo njira zopewera kapena zochepetsera kuchotsako, ndipo adziwitse akuluakulu a boma oona za ntchito. Malangizo nambala 166, amene adatuluka pamodzi ndi panganoli mu 1982, akuwonjezera kuti muyeso wosankhira anthu ukhazikitsidwe zinthu zisadafike poipa. Tidasaina ku Geneva, koma m'malamulo athu a kuno sitidalembe momveka. Boma losaina kunja zimene silifuna kuchita kwawo likunamiza anthu ake.

4.4 Kukambirana sikutanthauza kuitanira anthu mu holo n'kuwawerengera chigamulo. Kukambirana koona kumachitika maina asadalembedwe, pamene maganizo a wantchito angathe kusintha kanthu. Pamenepo pamafunsidwa: kodi tayamba taleka kulemba anthu atsopano? Kodi alipo ofuna kupuma mwa kufuna kwawo? Kodi ena angasamutsidwire ku nthambi ina kapena kuphunzitsidwa ntchito ina? Kodi magalimoto, maulendo ndi maalawansi a mabwana zachepetsedwa? Nkhwangwa isayambire pa mlonda ndi mesenjala pamene amene adagwetsa kampani akadali pa mipando ya ndalema.

5.0 Ufulu woitanidwanso

5.1 Munthu wochotsedwa chifukwa choti ntchito yachepa sadalakwe kanthu. Adauzidwa kuti malo ake atha. Tsono malowo akapezekanso, chifukwa chimene adamuchotsera chatha, ndipo nzeru za umunthu zikutiuza kuti woyamba kuitanidwa akhale iyeyo. Malangizo a ILO aja akunena zomwezi: amene adachotsedwa pa zifukwa za chuma apatsidwe mwayi woyamba pamene wolemba ntchito akufunanso anthu a luso lofanana, malinga atasonyeza kuti akufuna kubwerera, ndipo mwayiwo ukhoza kukhala ndi nyengo yake.

5.2 Ku South Africa, kumene ana athu ambiri akugwira ntchito, lamulo la Labour Relations Act la 1995, m'gawo 189, likukakamiza wolemba ntchito kulembera antchito kalata yofotokoza njira imene akufuna kusankhira anthu ndiponso ngati pali mwayi wodzawalembanso m'tsogolo. Ngati sadagwirizane pa muyeso, wolemba ntchito ayenera kutsata muyeso wachilungamo ndi wosakondera, ndipo wodziwika kwambiri ndi wakuti amene adalowa pomaliza ndiye ayambe kutuluka. Sitikuti zonse n'zabwino kumeneko, koma wantchito ali ndi pepala logwira m'manja popita ku khoti.

5.3 Kuno kwathu wochotsedwa amauzidwa kuti ali ndi ufulu wofunsiranso ntchito monga wina aliyense. Mawuwa amakoma m'khutu, koma mkati mwake mulibe kanthu. Bambo wa zaka 52 amene adaphunzira ntchito yake ndi manja, aziima pa mzere umodzi ndi anyamata a madigiri, pa ntchito imene iye adaigwira zaka 25? Ndipo pa mzerewo tonse tikudziwa kuti kalata ya wandale imalemera kuposa zaka za utumiki. Popanda ufulu woitanidwanso, kuchepetsa antchito kumasanduka njira yochotsera anthu a eni n'kulowetsapo anthu ako. Boma lililonse latsopano limapeza kampani "yodzaza ndi antchito osafunika," limasesa, kenaka limadzazamo ake, ndipo lotsatira limachitanso chimodzimodzi. Umu ndi mmene makampani a boma asandukira munda wa chipani cholamula.

6.0 Kuyankha amene akutsutsa

6.1 Ena akuti: "Koma adalandira ndalama zawo." Tiyeni tiwerengere limodzi. Malinga ndi lamulo monga lidasinthidwira mu 2010, wochotsedwa amalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zotsatira, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupyola zaka khumi. Munthu amene watumikira zaka 20 amalandira malipiro a masabata 65, kutanthauza miyezi pafupifupi 15. Zaka 20 za moyo wa munthu, miyezi 15! Ndipo kumbukirani kuti kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nigwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pa zaka ziwirizi, mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula nyumba ndi kupha anthu mazanamazana ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda uno. Ndalama imene munthu adalandira idasungunukira m'manja ngati mchere m'madzi: lendi, fizi, ngongole ya katapila, ndi ufa wogula wa m'timapepala.

6.2 Ena akuti: "Kampani iyenera kukhala ndi ufulu wolemba anthu aluso." Tikuvomera. Palibe akunena kuti dalaivala aitanidwe kukakhala wowerengera ndalama. Ufulu woitanidwanso ukukhudza ntchito yomweyo kapena yofanana nayo, kwa munthu amene ali ndi luso lake ndipo mbiri yake ya ntchito ilibe banga. Ngati padali waulesi kapena wosakhulupirika, lamulo lili ndi njira yomuchotsera pa mlandu wake. Bwana amene adalephera kulanga waulesi kwa zaka khumi asabisale kumbuyo kwa mawu oti kukonzanso.

6.3 Enanso akuti: "Nanga achinyamata athu amene akusowa ntchito?" Funso ili ndi lolemera, ndipo limatipweteka tonse. Koma ulova wa mwana suthetsedwa pochotsa bambo wake ntchito. Chiwerengero cha osowa ntchito chimakhala chomwecho, kungoti nyumba yolira yasintha. Komanso mnyamata amene walowa pa malo olandidwa mwachinyengo adziwe kuti walowa m'nyumba yopanda chitseko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

6.4 Ndipo alipo amene akuti Mpingo usalowerere nkhani za ntchito. Iwowa sadziwa mbiri ya Mpingo. Chiyambire kalata ya Apapa Leo XIII ya 1891, Mpingo wakhala ukuteteza malipiro oyenera ndi ufulu wa antchito wokhala m'mabungwe. Apapa Yohane Paulo II, m'kalata yawo ya 1981 yonena za ntchito ya munthu, adaphunzitsa kuti munthu wogwira ntchito ndi wofunika kuposa chuma, ndiponso kuti boma lili ndi udindo pa wantchito aliyense kudzera m'malamulo ndi mfundo zimene limakhazikitsa. Pa nkhani ya makampani a boma udindowu ndi wapawiri, pakuti boma lomwelo ndilo mwini kampani, ndilonso wopanga malamulo. Likachita zachinyengo ndi antchito ake, lidzadzudzula bwanji mwini golosale amene wathamangitsa wantchito wopanda malipiro?

7.0 Mawu kwa mabungwe a apantchito

7.1 Abale athu a Malawi Congress of Trade Unions, a Civil Servants Trade Union, a Teachers Union of Malawi ndi mabungwe ena onse, tikuyamika ntchito yanu, koma tili ndi mawu owawa. Mphamvu zanu zambiri zimathera pa kukweza malipiro, zimene n'zoyenera. Koma malipiro okwera ali ndi phindu lanji kwa munthu amene dzina lake lili pa mndandanda? Lamulo la Labour Relations Act la 1996 likupatsa bungwe limene lili ndi mamembala okwana 20 pa antchito 100 aliwonse mphamvu yokambirana ndi olemba ntchito. Gwiritsani ntchito mphamvu imeneyi kulembetsa muyeso wochotsera ndi woitaniranso anthu m'mapangano anu lero, kukadali bata. Denga salifolera mvula itayamba kale.

7.2 Mtsogoleri wa apantchito amene amalandira envulopu kapena lonjezo loti dzina lake lisiyidwa, kuti akhale chete, wagulitsa abale ake. Ndiponso musawataye mamembala anu tsiku limene aleka kusonkha. Nthawi imene munthu wachotsedwa ndi imene akufuna bungwe lake koposa. Sungani kaundula wa maina awo, luso lawo ndi kumene akukhala, kuti mipata ikatuluka pasakhale wonena kuti sadapezeke.

8.0 Zimene tikupempha

8.1 Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo: sinthani lamulo la Employment Act kuti linene poyera kuti palibe kuchotsa gulu la antchito popanda kukambirana nawo moona, kuti muyeso wosankhira ulembedwe ndi kulengezedwa maina asadatuluke, ndi kuti wochotsedwa popanda mlandu akhale woyamba kuitanidwa kwa nyengo yoikika, imene ife tikuganiza kuti isachepere zaka ziwiri.

8.2 Kwa boma ndi mabodi a makampani ake: musadikire lamulo latsopano kuti muchite chilungamo. Aliyense wochotsedwa auzidwe polemba chifukwa chimene dzina lake lasankhidwira, ndipo akhale ndi kokadandaula. Ndalama zake zikhale zitakonzedwa kalata isadaperekedwe. Zigamulo za makhoti zilemekezedwe msanga, osati kudikira kuti odandaula athe ndi imfa. Ndipo akuluakulu amene amaphwanya ndondomeko mwadala, n'kuonongetsa chuma cha dziko, ayankhe pa zochita zawo.

8.3 Kwa inu amene mwachotsedwa kapena mukuopa kuchotsedwa: sungani makalata anu onse a ntchito ndi mapepala a malipiro. Musasainire pepala limene simudalimvetse. Dziwani kuti lamulo likukupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndiye musachedwe. Khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti mubwezeredwe pa ntchito, mulembedwenso pa ntchito yofanana, kapena mupatsidwe chipukuta misozi. Yendani pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

8.4 Kwa akhristu amene muli pa maudindo olemba ndi kuchotsa anthu: cholembera chimene chili m'manja mwanu chimagwira miyoyo. Kumbuyo kwa dzina lililonse kuli mphika, kuli ana a sukulu, kuli agogo kumudzi odikira thumba la feteleza. Simungalembe mndandanda wa tsankho Lachisanu n'kubwera ku Ukaristia Lamulungu ngati palibe chachitika.

9.0 Mafunso okambirana m'miphakati

(a) Kodi mumphakati mwathu muli mabanja angati amene adachotsedwa ntchito, ndipo tawayendera liti?

(b) Kodi ifeyo, pamene talemba wantchito wa pakhomo, mlonda kapena wogulitsa m'shopu, timamuchotsa motani? Zinthu zikayambanso kuyenda, timamukumbukira?

(c) Kodi phungu wa dera lathu tidamufunsapo maganizo ake pa nkhani imeneyi? Ngati ayi, tidzamufunsa liti, ndipo adzatiyankhulira ndani?

10.0 Mawu otsiriza

Dziko limadziwika ndi mmene limatsanzikirana ndi amene alitumikira. Anthu amene adayeza chimanga chathu, kuyendetsa sitima zathu ndi kuwomba nsalu zimene tidavala sakupempha chifundo. Akupempha kuti auzidwe zoona, amvedwe, ndipo khomo limene adatulukira popanda mlandu lisatsekedwe kumbuyo kwawo. Tikupempha kuti kalatayi iwerengedwe m'miphakati yonse, ndipo zimene mwakambirana muzipereke ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi yanu.

Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete ndi nkhoswe ya apantchito, atipempherere ife ndi dziko lathu la Malawi.

Bambo Mlangizi,
m'malo mwa Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere,
Chinyonga, Blantyre